Trofim ndi Chitsime Chomwe Anachikwirira Kawiri

Trofim Lukich Kolodko anabadwira kwa alimi a mpendadzuwa m'mbali mwa mtsinje wa Pshekha, koma iye ndi khasu sankamwerana madzi. Ndevu zitangoyamba kumera anathawira kumapiri, kumene anthu ankaboola nthaka kufuna mafuta, ndipo kumunda sanapondekonso. Anayamba ndi kusenza mapaipi, kenako kukwera pansanja, mpaka anadzakhala kapitawo wa oboola zitsime. Ntchitoyo inamudya zala ziwiri za dzanja lamanzere. Tsiku lina chingwe chachitsulo chinaduka n'kumuswa bondo, ndipo kuyambira pamenepo ankayenda chopendamapendama, anzake n'kumupatsa dzina loti Bakha.

Sanali munthu wokoma kukhala naye, tisanamizane. Pakamwa pake panali potukwana, Loweruka ankamwa mpaka kuiwala njira ya kwawo, ndipo mkazi wake Ustinya ankauza amayi anzake kuti iye anakwatiwa ndi mjigo. Anabereka ana anayi. Awiri anapita ndi njala ya mu 1933. Wamwamuna, Yegor, anatengedwa nkhondo itangoyamba ndipo anangoti zii, osamveka kuti wafa kapena ali moyo. Pakhomo panatsala Lusha, namwali wa tsitsi lofiirira ngati la mayi ake, yekhayo amene Trofim ankalephera kumukalipira ngakhale ataledzera.

Mnzake weniweni anali mmodzi, Shumaf, Msilamu wa mtundu wa Adige wa kutsidya kwa mtsinje, amene ankatuta madzi ndi mapaipi pa ngolo ya mahatchi. Masana ankakhala limodzi pamthunzi wa nsanja, aliyense ndi kamba wake.

"Lukich, nkhumba imeneyo idzakutsekera khomo la kumwamba," Shumaf ankatero akaona Trofim akudula mafuta a nkhumba n'kuika pa buledi.

"Kumwamba anatseka a Chipani kalekale, makiyi ali ku Moscow. Idya, iwe."

"Idya wekha. Ine ndabwera ndi tchizi, chakudya cha anthu."

Ndipo tchiziyo theka lake linkathera m'mimba mwa Trofim.

Chilimwe cha 1942 chinabwera ndi dzuwa loswa mtengo. Kumapeto kwa Julaye kunamveka kuti mzinda wa Rostov wagwa m'manja mwa Ajeremani. Panalibe wofunsa chomwe Ajeremani akuthamangira kuno: akasinja awo ankamwa mafuta ngati ng'ombe zaludzu, ndipo mafutawo anali pansi pa mapazi athu, ku Maikop, ku Grozny, mpaka ku Baku. Misewu inadzaza fumbi. Kunkadutsa ng'ombe za m'minda ya boma zikulira ndi mabere otupa, ngolo zodzaza ana ndi mitolo, ndi asilikali athu a milomo yong'aluka, ena opanda ndi mfuti yomwe.

Bwana wa zitsime za kumeneko anali Valerian Ozerov, munthu wa mawu osalala amene nsapato zake sizinkadziwa matope. Anaitanitsa antchito onse, n'kukwera pa mgolo kuti aoneke.

"Anzanga, lamulo labwera. Mdani asapeze ngakhale dontho. Chitsime chilichonse tichithire simenti ndi zitsulo, mathanki tiwaotche. Tikatha, malole adzatinyamula tonse, ife ndi mabanja athu, kupita ku Tuapse. Palibe wotsala."

Trofim anapatsidwa chitsime cha kuseri kwa phiri, chomwe anachiboola yekha ndi gulu lake nkhondo isanayambe. Anachivutikira nyengo yonse yachisanu, ndipo tsiku lomwe chinalavula mafuta mitengo yonse yozungulira inada bii, anthu n'kumakumbatirana ali noninoni. Tsopano anaima pamalo omwewo n'kumalamula anyamata kuponyamo zitsulo, njerwa ndi simenti. Sanalire, sanadandaule. Anangotukwana kuyambira m'mawa mpaka madzulo, ndipo ntchitoyo anaigwira bwino, poti kugwira ntchito mwachiphamaso sankakudziwa. Mathanki atayatsidwa, utsi unaphimba dzuwa mpaka nkhuku zinalowa m'khola masanasana.

Malole anabweradi, koma ochepa. Anadzaza makina, mabokosi a mu ofesi ndi mabanja a akuluakulu. Trofim anafika pabwalo ndi Ustinya ndi Lusha atanyamula mitolo, n'kupeza Ozerov ali kale kutsogolo kwa lole yomaliza. Kumbuyo kunali kabati ya akazi ake, yomangidwa bwinobwino ndi zingwe, atayifunditsa bulangete kuti galasi lisasweke.

"Valerian Petrovich, nanga ife?"

"Ina ikubwera, Trofim Lukich. Dikirani pompano, musachoke."

"Tsitsani kabatiyo, mwana wangayu akhale pamenepo."

"Ndati ina ikubwera. Musabweretse chipwirikiti pa nthawi ya nkhondo."

Anadikira pabwalopo mpaka mitolo inasanduka mipando. Shumaf anabwera ndi ngolo yake kuti awaperekeze kumapiri, koma asanafike ndi pa mlatho pomwe, asilikali athu othawa anamasula mahatchi onse awiri n'kumangirira ku mfuti yawo yaikulu. Anabwerera wapansi, Trofim akukoka mwendo.

Ajeremani analowa mu Ogasiti, nkhope zili mbuu ndi fumbi, akufunsa mazira ndi mkaka khomo ndi khomo. M'mbuyo mwawo munabwera ena achikulire, ovala magalasi, amene yunifolomu sinkawakhala bwino. Amenewa anali mainjiniya a mafuta. Anazungulira zitsime zonse n'kupeza simenti yokhayokha, ndipo anayamba kusaka anthu odziwa ntchitoyo. Sanavutike. Nthawi zonse pamapezeka mnansi wa chala chachitali.

Wamkulu wawo, Reinke, anabwera yekha pakhomo pa Trofim ndi womasulira. Anavula chipewa polowa, n'kupukuta mapazi.

"Ine ndinali mlonda chabe," anatero Trofim. "Za zitsime sindidziwa kanthu."

Reinke anayang'ana dzanja la zala zitatu lija, n'kumwetulira. Kenako anayang'ana Lusha amene anaima pafupi ndi ng'anjo, n'kulankhula motsitsa.

"Akuti mwana wanu ndi wathanzi," anatero womasulira. "Akuti sitima yonyamula atsikana kupita kukagwira ntchito ku Jeremani inyamuka posachedwa. Koma ana a antchito awo satengedwa."

Alendowo anatuluka. Lusha anapita kukakama mbuzi ngakhale nthawi yake inali isanakwane.

"Upita kukawagwirira ntchito," Ustinya anauza Trofim.

"Ukudziwa chimene ukunena, mayi iwe? Mafuta amenewo akathira mu akasinja okaponda Yegor."

"Yegor sindikumuona. Amene ndikumuona ndi uyu. Awiri ndinakwirira ndi manja angawa iwe uli kuchitsime. Wachitatu anatenga boma. Uyu sindipereka. Upita, Bakha iwe, ukakwawa pamaso pawo ngati n'kofunika."

M'mawa mwake anapita.

Anamubwezera ku chitsime chake chomwe chija, kuti afukule zimene anakwirira. Anamupatsa akaidi a nkhondo, anyamata athu owonda ngati mapesi, ndi makina ochokera kutali amene ankafa tsiku ndi tsiku. Shumaf nayenso anagwidwa kuti azituta madzi, tsopano ndi ng'ombe imodzi yokalamba. Masana ankakhalabe limodzi, koma nkhumba kunalibe, tchizi kunalibe, nthabwala nazo zinauma. Amayi a m'mudzi akakumana ndi Trofim panjira ankalavula pambali. Ena mwa iwo ndi omwe ankabwera kwa Ustinya kudzapempha kamchere kochokera kukhitchini ya Ajeremani.

Mvula itayamba, matope anameza misewu, koma kuchitsime ntchito inkasendera. Simenti inkatha pang'onopang'ono. Reinke ankanunkhiza matope otuluka pansi n'kumasisita manja.

Lamlungu lina Trofim akudula nkhuni m'mphepete mwa nkhalango, anamva munthu akutsokomola kumbuyo kwake. Anali Gordei, amene kale ankakwera nsanja m'gulu lake, tsopano wandevu, mfuti ili paphewa. Anali mmodzi wa athu amene anabisala m'mapiri n'kumavutitsa Ajeremani.

"Mukunenepa, Lukich. Supu ya Mjeremani ikukuyanjani."

"Nena chomwe wabwerera."

"Chitsime chimenecho chikangolavula mafuta, tidzakupachikani pansanja yomweyo. Ndi uthenga wa akuluakulu."

"Ndipo ndikachitseka, Mjeremani adzandipachika pomwepo. Mugwirizane tsiku, nsanja ndi imodzi."

Gordei sanaseke. "Ine ndakuuzani. Mukachita, ndidzakuikirani umboni athu akabwera."

Trofim sanauze Ustinya. Anayenda nayo nkhaniyo m'mimba kwa sabata zingapo. Sikuti ankaopa chingwe cha Gordei kuposa cha Reinke. Chinkamudya n'chakuti pansi pankamveka kale fungo lomwe ankalidziwa, ndipo akatseka maso ankaona Yegor atagona m'ngalande, kasinja akubwera.

Anachita masana, alonda atapita kukalandira supu. Mapaipi anali atazulidwa, kamwa la chitsime lili pululu. Anakoka mano akale a chitsulo choboolera, olemera ngati mwana wa ng'ombe, n'kuwagwetseramo, n'kutsatiza nyundo ndi mabawuti odzaza chidebe. Atawongoka anaona Shumaf ataima ndi ng'ombe yake pafupi ndi mgolo wa madzi, akumuyang'ana. Shumaf anatembenuka n'kuyamba kukonza goli lomwe silinawonongeke.

Ajeremani anazindikira tsiku lomwelo, makina atakukuta chitsulo n'kuthyoka. Reinke anakhala pa bokosi atagwira mutu. Amene anabwera pambuyo pake sanali mainjiniya. Anandandalitsa anthu onse pamatope n'kufunsa kuti ndani anatsala pachitsime nthawi ya chakudya. Mlonda wina, pofuna kudzipulumutsa, analoza wa ng'ombe uja ndi akaidi awiri. Trofim sanamuloze. Kaya sanamuone, kaya ankadziwa kuti kapitawo akufunikabe, palibe akudziwa.

"Wachita ndani? Anene yekha, enawa apulumuke," anatero womasulira.

Trofim anayang'ana Shumaf. Ankadziwa kuti akatsegula pakamwa safa yekha: akatenganso Ustinya ndi Lusha, nyumba n'kuyatsa. Ankadziwanso kuti Shumaf ali ndi ana asanu. Anayang'ana pansi, pa nsapato zake.

Shumaf akudutsa pafupi naye, manja atamangidwa, anaima pang'ono.

"Lukich, ng'ombeyo sinamwe. Ukaimwetse, ukaiperekenso kunyumba."

Anawaombera kuseri kwa shedi ya makina, onse atatu.

Trofim anaimwetsa ng'ombe ija, n'kuwoloka nayo mtsinje. Mkazi wa Shumaf, Goshnag, anali atamva kale. Anamulandira monga amalandirira mlendo kwawoko: anamukhazika pamalo aulemu, n'kumuikira patsogolo phala louma la mapira, lomaliza m'nyumbamo, ana ataima kukhoma akuyang'ana. Mwambo sulola mlendo kukana. Trofim anadya.

"Munali pomwepo?" anafunsa Goshnag.

"Ndinali pomwepo."

"Ananena chiyani?"

"Za ng'ombe."

Mayiyo anagwedeza mutu. "Ndi iyeyo ameneyo."

Mtsinje umenewo Trofim sanauwolokenso moyo wake wonse.

Mu Januwale Ajeremani anachoka mothamanga, akuotcha zomwe sakanatha kunyamula. M'chitsime cha kuseri kwa phiri sanatungemo ngakhale chidebe. Asilikali athu analowa pa chipale chofewa atavala zoyera, amayi akuwapsompsona m'manja, Ustinya akufunsa aliyense ngati anaonako Yegor Kolodko. Trofim anamwa tsiku limenelo koyamba chichokereni chilimwe, n'kuvina pamsewu ndi mwendo wake wopindikawo.

Sipanapite nthawi, Ozerov anabwera atavala chikhothi chatsopano cha ubweya. Anabweranso apolisi achinsinsi a zipewa za buluu, amene anatenga nyumba ya sukulu n'kuyamba kuitana anthu mmodzimmodzi. Wofunsa Trofim anali mnyamata wa maso ofiira ndi tulo, msinkhu wa Yegor.

"Munagwirira ntchito mdani?"

"Ndinagwira. Koma chitsimecho ndinachitseka ndine, kachiwiri."

"Ajeremani anapha anthu atatu chifukwa cha chitsimecho. Inu anakusiyani. Bwanji?"

"Kafunseni Gordei, wa kumapiri. Ndi amene anandituma."

"Gordei anafa mu Disembala. Pali wina anakuonani?"

"Analipo."

"Ali kuti?"

Trofim anayang'ana pansi, pa nsapato zake.

Wofunsayo anaitana Ozerov, amene analankhula modekha, mwachisoni ndithu. Anati iye analamula antchito onse kusamuka, ndipo amene ankafuna kuchoka anachoka, ena wapansi. "Kolodko ndi mmisiri wabwino, sindingamunamizire. Koma anasankha kutsala. Chifukwa chake akudziwa yekha."

"Kabati!" anakuwa Trofim, ataimirira. "Uwauze za kabati, galu iwe!"

Anamukhazika pansi pomumenya ndi thako la mfuti. Mlandu wake sunatenge nthawi yophikira tiyi. Anamupatsa zaka khumi.

Anamutumiza kumpoto, ku Komi, kumene malovu amauma asanafike pansi. Atafika, kapitawo wa ndende anafunsa ngati pali odziwa kuboola zitsime za mafuta, poti nakonso pansi pa chipale panali mafuta, ndipo dziko linkawafuna. Trofim anaseka mpaka anzake anaganiza kuti mutu wazungulira. Anaboola zitsime kumeneko zaka zonsezo, mano akugwa limodzilimodzi, ndipo ntchitoyo ndi imene inamusunga, chifukwa odula mitengo m'nkhalango ankafa msanga.

Anabwerera ali nkhalamba ya m'kamwa mopanda kanthu. Ustinya anali atamwalira pa njala yomwe inagwa nkhondo itatha. Pamanda pake panalibe ndi thabwa lomwe. M'nyumba mwake munkakhala banja lina, lomwe linamupatsa madzi akumwa pakhonde. Za Yegor sizinamveke mpaka kalekale. Kuzitsime anamukana, poti munthu wa mbiri ngati yake sankaloledwa pafupi ndi mafuta a dziko. Ozerov anali atakwezedwa, ali kumzinda, ndipo pa zikondwerero ankavala mendulo ya oteteza mapiri a Caucasus. Trofim anapeza ntchito yolondera munda wa mavwende, n'kumagona m'kachisakasa pakati pa mundawo, akukangana ndi akhwangwala.

Lusha anali ku Krasnodar. Anaphunzira za unamwino, anakwatiwa ndi Anatoli, mphunzitsi wa m'Chipani, ndipo ankadziwika ndi dzina la mwamuna wake. Trofim anadikira mavwende apse, n'kusankha lalikulu koposa, n'kukwera nalo sitima. Anapeza nyumbayo, yosanjikizana, n'kukwera masitepe movutika, vwende lili pamimba.

Lusha anatsegula chitseko atavala epuloni. Anali atanenepa, akufanana ndi Ustinya moti Trofim anagwira khoma. Mkati munkamveka mafoloko ndi kuseka kwa alendo.

"Ababa," ananong'ona. Anatuluka n'kukoka chitseko kumbuyo kwake. "Bwanji osanena kuti mukubwera?"

"Ndikananena ukanati bwera?"

Lusha anayamba kulira mopanda mawu. "Ndinawauza kuti munafa pa nkhondo. Sakanandilandira kusukulu, Ababa. Anatoli akadziwa, ntchito yake yatha. Ndikanatani?"

"Unachita bwino."

Chitseko chinatseguka, mwamuna wa magalasi n'kusuzumira. "Lusha, ndi ndani?"

"Ndi amalume a kumudzi. Anali anansi athu. Abweretsa vwende."

"Alowe, alowe! Amalume, mwafika pabwino, lero mwana wathu wakwanitsa zaka zisanu."

Anamukhazika kumapeto kwa tebulo. Anatoli anali munthu wabwino, ankamuthirira mowa n'kumufewetsera buledi mu supu ataona kuti alibe mano. Mdzukulu wake, kamtsikana, kanabwera kudzawerenga zala zake n'kuthamanga kukauza mayi ake kuti agogo awa zala zina anaiwala kwawo. Alendo anaseka. Kenako nkhani inafika pa nkhondo, monga zinkakhalira pa tebulo lililonse masiku amenewo.

"Amalume, inu munawadziwa apongozi anga?" anafunsa Anatoli. "Lusha safuna kukamba za iwo, zimamupweteka. Akuti anafa akuteteza zitsime."

Lusha anaima ndi mbale m'manja, nkhope yoyera ngati ufa.

"Ndinkawadziwa," anatero Trofim.

"Anali munthu wotani?"

"Wotukwana. Woledzera. Koma ntchito ankaidziwa."

Anatoli anaimirira n'kukweza tambula. "Timwere Trofim Lukich, amene anagona kuti ife tikhale pano."

Onse anaimirira. Trofim nayenso anadzikoka n'kuimirira, n'kumwa mpaka pansi.

Sanagone kumeneko ngakhale anamukakamiza. Lusha anamuperekeza mpaka pansi pa masitepe, n'kumukankhira m'thumba kamtolo ka makeke ndi masokosi a ubweya a mwamuna wake. Ankafuna kunena chinachake, koma pamwamba mwana anaitana.

"Pita," anatero Trofim. "Alendo akudikira."

Anakhalanso zaka zitatu kumunda wa mavwende. Nyengo yachisanu ankagona m'khola la mahatchi a m'mudzimo, n'kumathandiza kuwadyetsa. Kumeneko ndi kumene osamalira mahatchi anamupeza m'mawa wina wa mu Febuluwale, atakhala pa udzu, atatsamira khoma, atauma kale. Anamuika anthu anayi ndi woyendetsa thirakitala amene anathandiza kuswa nthaka yolimba ndi chisanu. Lusha anamva mochedwa. Anafika patapita masiku, yekha, atauza mwamuna wake kuti akupita kukaona mnzake wodwala, ndipo anabwerera ndi sitima ya tsiku lomwelo.